Makina Amene Ndinawasayinira

Zimene ndinataya ndi izi.

Mayi anu, Tiyamike.
Miyezi inayi yomaliza ya moyo wawo.
Ntchito ya zaka pafupifupi khumi.
Ulemu wa siginecha yanga.

Takondwa ndi Mphatso, ndikulemba izi mudakali aang'ono kuti mudzawerenge mukadzakula. Anthu adzakuuzani kuti bambo anu anapuma pa ntchito asanakwanitse zaka makumi anayi chifukwa chisoni chinawasokoneza mutu. Si zoona. Mutu wanga unali bwinobwino, ndipo n'chifukwa chake ndinachoka. Za ubwana wanga ndidzakuuzani pakamwa. Pano ndiyambira pa ntchito.

Chaka choyamba, Old Town

Nditamaliza ku koleji, kumene ndinaphunzira masamu ndi za makompyuta, ndinalembedwa ntchito ku bungwe lina lofufuza za mvula ndi kusefukira kwa mitsinje. Dzina lake sindilitchula. Ananditumiza ku kaofesi kawo ka ku Old Town, pamwamba pa sitolo ya nsalu, ndipo ntchito yanga inali kulowetsa m'kompyuta manambala a mvula ochokera m'maboma, olembedwa pamanja m'makope opindika ndi chinyezi. Zenera linali limodzi. Kudzera pamenepo ndinkamva oitanira minibasi, ogulitsa chinangwa, ndi kuitana kwa ku mzikiti dzuwa likafika pamutu. Anthu awiri amene ndinawapeza kumeneko anandiphunzitsa ntchito kuposa aphunzitsi a ku koleji. Woyamba anali Che Saidi, mkulu wokonza mafiriji ndi maeyakoni oziziritsa m'nyumba kuseri kwa sitoloyo. Munthu akabwera kuti akufuna firiji yaikulu, iwo sankathamangira kumuonetsa. Ankayamba afunsa kuti, "Mukasungamo chiyani, achimwene? Nsomba kapena zakumwa? Kwanu magetsi amazima kangati?" Wachiwiri anali telala wa pakhonde la sitoloyo, mtsikana wa tepi m'khosi, amene anaona thalauza langa loyamba la kuntchito nati, "Ili munagula musanadziyeze. Munthu wa masamu!" Ameneyo ndiye mayi anu. Tinakwatirana chaka chotsatira.

Chaka chachinayi, City Centre

Anandisamutsira ku likulu la bungwelo ku City Centre, ndipo tinapeza kanyumba ka kuseri pa mpanda wa munthu wina ku Area 14. Nonse awiri munabadwira kumeneko.

Kuti mumvetse zimene zinachitika, ndikuuzeni kaye ntchito yathu. Tinali ndi pulogalamu yolosera mvula, yolembedwa kalekale ndi asayansi ambiri a m'mayiko osiyanasiyana. Pulogalamuyo imagawa thambo la dziko lathu m'timabokosi ting'onoting'ono, ndipo m'kabokosi kalikonse imawerengera mphepo, kutentha ndi chinyezi. Ikatero, kabokosi kalikonse kamauza toyandikana nako zimene kapeza, kuwerengera n'kuyambanso, mobwerezabwereza, mpaka mvula ya masiku atatu akubwerawo itaoneka. Ntchito yotere imafuna mapurosesa wamba ambiri (tizipangizo tochita masamu m'kompyuta), memore yaikulu yosunga timabokosi tonse nthawi imodzi, ndi nthambo zothamanga zoti mapurosesawo azilankhulirana. Imafunanso manambala aatali, osadulidwa kumapeto, chifukwa kacholakwa kakang'ono kakabwerezedwa kambirimbiri kamasanduka chigumula pamalo pamene sipadzagwa ngakhale dontho.

Makina otero tinalibe. Ndinatola makompyuta asanu ndi atatu amene maofesi ena anawataya, ndinawalumikiza pamodzi m'kachipinda kosungiramo mapepala akale, ndipo anzanga anawapatsa dzina loti madala. Ankatenga pafupifupi tsiku lathunthu kuti amalize kulosera kumodzi. Magetsi akazima pakati, tinkayambiranso poyamba. Dizilo atasowa m'tauni, ndinkaima ndekha pa mzere ndi zigubu za jenereta, taye ili m'thumba. Koma zimene madalawo ankatulutsa zinali zodalirika, ndipo kangapo chenjezo lathu linafika kumaboma a kumunsi madzi asanafike. Chaka ndi chaka ndinkalemba kalata yopempha makina oyenera. Sindinkapempha zodabwitsa. Ndinkapempha madala omwewo, koma ochuluka, atsopano, a memore yokwanira, pamodzi ndi mabatire ndi eyakoni yamphamvu.

Chaka chachisanu ndi chinayi, Marichi mpaka Meyi

Opereka thandizo anavomera kutigulira makina. Nthawi yomweyo tinalandira Dayilekitala watsopano, munthu wophunzira, wolankhula bwino, wokonda kuti zinthu zizioneka. Pasanathe mwezi kunabwera wogulitsa wina wa suti yotuwa, atanyamula kabuku konyezimira, ndipo anandiitanitsa ku ofesi ya abwana.

"A Mbewe, taonani nambala iyi," anatero a Dayilekitala akuloza m'kabukuko. "Makina awa amathamanga kuposa amene mwapemphawo kutalitali. Dziko lonse lapansi likugula amenewa. Ife titsalire m'mbuyo chifukwa chiyani?"

Ndinawerenga kabukuko nditaimirira. Mphamvu yonse ya makinawo inali m'makadi ake, makadi opangidwira kuphunzitsa kompyuta kuzindikira zithunzi ndi mawu, amene amathamanga chonchi chifukwa amagwiritsa ntchito manambala aafupi. Mapurosesa wamba analimo awiri okha.

"Bwana," ndinatero, "makadi amenewa ali ngati akabaza ambirimbiri pa depoti. Mukakhala ndi timaphukusi tambiri, palibe wowaposa. Koma katundu wathu ndi zitsulo za denga. Akufunika malole. Komanso pulogalamu yathu sidziwa n'komwe kulankhula ndi makadi amenewa."

Wogulitsa uja anaseka. "Achimwene, pulogalamu ndi nkhani yaing'ono. Mungoisintha pang'ono basi."

"Inalembedwa ndi anthu ambiri kwa zaka zambiri. Ine pano ndili ndekha."

"Ndiye kuti mukudzikayikira?"

Ndinapempha chinthu chimodzi chokha, chimene aliyense wa ntchito yathu amachidziwa: musanagule makina, yesaniponi pulogalamu yanu yeniyeni, osati ya wogulitsa, ngakhale kwa tsiku limodzi. A Dayilekitala anati nthawi palibe, opereka thandizo akufuna kuona chinthu chaka chisanathe. Mlungu wotsatira chikalata chofotokoza makina ofunika chinabwera pa tebulo langa chitalembedwanso. Mawu anga onse anali atachotsedwa. M'malo mwake munali mawu a m'kabuku kaja, liwu ndi liwu, mpaka ndi liwu limene osindikiza analakwitsa. Pansi pake panali mzere wopanda kanthu, chifukwa lamulo la bungwe linkati katswiri wa makina asayine kuti chogulidwacho chikugwirizana ndi ntchito. Katswiriyo ndinali ine. Ndinachibweza kawiri osasayina.

Mwezi womwewo madokotala anatiuza kuti mayi anu ali ndi khansa, ndipo inali itafalikira. Anatiuza mwaulemu, mosabisa. Ndinalemba kalata yopempha tchuthi cha miyezi itatu kuti ndiwadwazike. Kalatayo inakhala pa tebulo la a Dayilekitala milungu itatu. Ndikafunsa, mlembi wawo ankangoti, "Abwana sanaione."

Loweruka lina masana a Dayilekitala anandiimbira kuti ndipite kunyumba kwawo ku Area 12. Kumeneko minibasi silowa. Ndinatsika pamsewu waukulu n'kuyenda pansi pakati pa mipanda yaitali, mlonda anandiyang'ana nsapato asananditsegulire, ndipo ndinawapeza atakhala pakhonde, madzi akuwazika pa kapinga. Anandilandira bwino. Anafunsa za matenda, anapukusa mutu, anati iwonso anataya mchemwali wawo ndi matenda omwewo. Kenako anatulutsa mapepala awiri m'chikwama n'kuwaika pa tebulo moyandikana. Limodzi linali kalata yanga ya tchuthi. Lina linali chikalata chija.

"A Mbewe, ine ndikufuna mupite mukakhale ndi mayi kunyumba," anatero. "Koma ndingakuloleni bwanji kuchoka nkhani iyi ili lendelende? Timalize izi, muzipita ndi mtima umodzi."

"Bwana, makinawa sadzagwira ntchito yathu."

"Inu ndinu anzeru. Mudzawapezera njira."

"Ndikasayina ndiye kuti ndanama."

"Palibe akunama apa. Ndi makina abwino. Kapena si abwino?"

Anali abwino, kwa munthu wa ntchito ina. Wosamalira maluwa ankadula mpanda kumbali kwathu. Ndikufuna mudziwe kuti palibe anandigwira dzanja. Ndinkadziwa chimene ndinkachita. Ndinasayina, iwonso anasayina kalata yanga, ndipo anandiperekeza mpaka pageti ngati mlendo wofunika.

Nditafika kunyumba ndinawauza mayi anu. Anali atakhala pamkeka, atatsamira khoma.

"Ndiye mwadula nsalu musanamuyeze mwiniwake," anatero.

"Ndadula."

"Chifukwa cha ine?"

"Ayi."

"Bambo a Takondwa, bodza silikukhalani. Muzisiyira ena."

Ogasiti mpaka Novembala

Tchuthi chinayamba mochedwa, chifukwa anati ndiyambe ndakonza chipinda cha makina. Ndinakhala pakhomo milungu itatu yokha. Mlungu wachinayi makinawo anafika, ndipo galimoto ya ku ofesi inaima pageti ndi kalata yoti tchuthi changa chaimitsidwa kufikira makina atayamba kugwira ntchito. Ndinapita kukadandaula. A Dayilekitala anatsegula kabati n'kundionetsa chikalata chija. "Siginecha iyi ndi ya ndani? Munanena nokha kuti ndi oyenera. Ndiye ayendetseni." Ndinaitanitsa mlamu wanga Esinati, mkulu wawo wa mayi anu, kuchokera kumudzi kuti adzakhale nawo, ndipo ndinabwerera kuntchito.

Makinawo anali okongola, zimenezo sindikana. Kabati yakuda yaitali kuposa munthu, timagetsi tobiriwira kutsogolo. Tsiku loyamba kuwayatsa, magetsi a nsanjika yonse anazima. Titakonza zimenezo, chipinda chinatentha moti chitseko sichinkagwirika bwino, ndipo makina anadzizimitsa okha. Jenereta yathu inkatsokomola n'kufa tikangowalumikiza. Ndinakwera minibasi kupita ku Old Town kukatenga Che Saidi. Analowa m'chipindamo, anavula kofia, anaika dzanja kuseri kwa kabatiyo n'kulichotsa msanga.

"Achimwene, ichi ndi chowotchera buledi kapena?"

"Ndi kompyuta, Che Saidi."

"Anagula ndani?"

"Ndinasayina ndine."

Anandicheukira. "Inuyo? Amene munkakhala pa benchi yanga uja?" Anamangirira maeyakoni awiri akale pakhoma, anakana tiyi, ndipo potuluka anati, "Izi zikuthandizani mpaka Okutobala. Dzuwa likakwiya, musadzanditchule."

Chipinda chitazizira, ndinaika pulogalamu yathu. Inayenda pa mapurosesa awiri aja, makadi onse ali chikhalire, akungodya magetsi. Kulosera kumene madala ankamaliza tsiku limodzi, makina atsopanowo ankatenga masiku awiri ndi theka. Mvula ya masiku atatu inkatsala pang'ono kugwa tisanailosere. Ndinayamba kulembanso zigawo za pulogalamuyo kuti zilankhule ndi makadi, ntchito ya gulu la anthu, ine ndekha, Lolemba mpaka Loweruka. Chigawo chimodzi chinatheka, ndipo chinathamangadi. Koma manambala aafupi aja anachita zimene ndinanena. Makina analosera chigumula mu Seputembala, kumwamba kuli mbee. Nditawakakamiza kugwiritsa ntchito manambala aatali, liwiro lonse la m'kabuku lija linatha.

Ndinalemba lipoti lofotokoza zonsezi, ndipo ndinapereka maganizo akuti makinawo aperekedwe kwa ofufuza a zithunzi za m'chipatala kapena za mbewu, amene akanawagwiritsa ntchito bwino, ife tipemphe athu. Lipotilo linabwerera tsiku lomwelo ndi mawu atatu a inki yofiira: "Pitirizani kuyesa, chonde."

Miyezi imeneyo mayi anu ankachepa thupi ine ndikuona m'mawa ndi madzulo okha. Mu Seputembala ankathabe kufika pakhonde. Mu Okutobala anasiya. Makina awo osokera tinawaphimba ndi chitenje. Koma pakamwa pawo sipanadwale. Ndikalowa ankati, "Alamu anu abwera, Esinati. Afunseni ngati mkazi mnzanga wa ku City Centre wadya." Esinati ankayankha kuti, "Ameneyo amadya magetsi, saphika, sachapa, koma ndiye wokondedwa." Ankaseka awiriwo, ine n'kusekanso, kenako ndinkapita kukasamba kuti asandione nkhope. Ndinapempha tchuthi kawiri kenanso. Yankho linali lomwelo: mwambo wotsegulira makina ukangotha.

Disembala

Tsiku la mwambo linakhazikitsidwa makina asanatulutse kulosera kolondola ngakhale kumodzi. Kutatsala masiku awiri, a Dayilekitala anabwera okha m'chipinda cha makina n'kutseka chitseko.

"Mlendo wolemekezeka akadina batani, pakhoma paoneke mapu a mvula. Zitheka?"

"Kuchokera ku makina awa, ayi."

"Nanga madala anu aja akugwirabe?"

"Akugwira."

"Ndiye vuto lili pati? Nthambo simuli nayo?"

Miyezi inayi. Akanatha kunena zimenezi mu Ogasiti, ine n'kukhala kunyumba. Ndinadutsitsa nthambo kudenga, kuchokera m'kachipinda ka mapepala akale kufika kuseri kwa kabati yakuda, ndipo ndinaibisa bwino. A Dayilekitala anati ndiyenera kukhalapo ndekha pa tsikulo, chifukwa palibe wina ankadziwa za nthamboyo, ndipo anafuna kuti zikhale choncho.

M'mawa wa tsikulo mayi anu anali atafooka kuposa masiku onse, koma ankalankhula. Esinati anati ndipite, mwambo ndi wa maola awiri, pofika masana ndikhala nditabwera. Ndinapita. Pabwalo la ofesi anali atamanga tenti, ana a sukulu atavala yunifolomu, kwaya ikuyeserera. Mwambo unayenera kuyamba naini koloko. A chitetezo analamula kuti onse olowa m'chipinda cha makina asiye mafoni awo m'bokosi pakhomo, atazimitsa, ndipo wolowa asatulukenso mpaka mlendo atadutsa. Ndinaika foni yanga m'bokosimo ndi dzanja langa. Mlendo wolemekezeka anafika itadutsa wani koloko. Anayamba ndi zolankhula za mu tenti, ndipo kwa ife analowa cha m'ma fili koloko. Anadula riboni, anadina batani, mapu anaoneka pakhoma, obiriwira ndi abuluu, ochokera kwa madala asanu ndi atatu amene anali kuseri kwa khoma pakati pa mafayilo a fumbi. Anthu anaomba m'manja. Wogulitsa wa suti yotuwa anandigwira chanza nati, "Mwaona, achimwene? Ndinakuuzani kuti ndi nkhani yaing'ono."

Nditayatsa foni ndinapeza kuti Esinati anaimba kambirimbiri kuyambira leveni koloko. Uthenga wolemba unali umodzi: "Alamu, bwerani, kuno zavuta." Mayi anu anamwalira dzuwa lili pamutu, nthawi imene ine ndinali nditaima pafupi ndi kabati yakuda, manja kumbuyo, kudikira munthu woti adzadine batani losalumikizidwa ku chilichonse.

Bungwe linatumiza galimoto ndi nkhata ya maluwa ku maliro. A Dayilekitala analankhula kumanda, ndipo ananditcha mzati wa bungwe. Sindinawaletse, chifukwa maliro sanali anga ndekha. Nditabwerako kumudzi ndinapeza kalata pa tebulo langa yoti tchuthi changa cha miyezi itatu chavomerezedwa.

Ndinalemba makalata awiri tsiku lomwelo. Yoyamba inali yopuma pa ntchito. Yachiwiri inapita kwa opereka thandizo ndi ku komiti yoyang'anira bungwe, yofotokoza za kabuku, za chikalata, za nthambo ya kudenga, ndi kuti siginecha ya pansi pa bodzalo ndi yanga. Sindinadzichotsemo. Anandiyankha kuti alandira ndipo aona. Zimene anachita sindikuzidziwa. Ndinamva kuti kabati yakuda anaizimitsa, ndipo amaiyatsa kukabwera alendo. Ndisanachoke ndinaphunzitsa anzanga awiri kasamalidwe ka madala, chifukwa anthu a kumunsi kwa mitsinje sanalakwe kanthu. Tsopano ndimakonza makompyuta pa benchi ya Che Saidi ku Old Town, ndipo ndimaweruka nthawi yoti ndikakutengeni ku sukulu.

Mukadzakula, wina adzakuikirani mapepala awiri pa tebulo limodzi. Sindikuuzani chochita, chifukwa ine ndinalephera. Ndingokuuzani kuti ndinagulitsa choonadi kuti ndigule nthawi yokhala ndi mayi anu, ndipo siginecha yomweyo ndi imene anandimangira nayo kutali ndi iwo. Ndikanakana, mwina akanandichotsa ntchito mu Meyi. Ndikanakhala pakhomo.

Mwakhala mukundifunsa chimene mayi anu ananena komaliza, ine n'kumakuyankhani kuti anakutchulani mayina. Anakutchulanidi, koma kwa mayi anu aakulu Esinati, masana. Kwa ine analankhula m'mawa uja. Inu munali mutapita kale ku sukulu. Ndinali nditavala jekete, nditaima pakhomo la chipinda, ndipo ndinawauza kuti sindichedwa. Anatsegula maso, anandiyang'ana kuyambira kumutu mpaka kumapazi monga ankachitira ndi aliyense wovala chosokedwa, kenako analankhula motsitsa kuti Esinati asamve kukhitchini.

"Mubwere msanga mudzanditembenuze. Achemwali amayesetsa, koma amandipweteka. Inu mumadziwa pogwira."